Chifu cha Mwana Wanga

Mudzi wa Kankhumbwa,
Namitete.
19 Ogasiti, 2024.

Okondedwa mlongo wanga Rozaria,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine kuno ndilipo, kungoti ndilipo. Kalata ino ikubwera m'chikwama cha Ursula, ndipo ndaimata kawiri. Musaitsegule iye ali pomwepo. Mudikire apite kukasamba.

Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Foni yanga imafuula, munthu wodutsa kuseri kwa khola amamva zonse, ndipo zimene ndikufuna kunenazi si za mudzi wonse. Zolakwika za kalembedwe mukonza nokha. Mukudziwa kuti ine ndinalekezera Sitandade 5 pamene atate anaona kuti sukulu iyenera inu, ine ndiyenera ng'ombe. Sindikudzutsa zakale ayi, ndangokumbutsa.

Ndiyambe ndi chimene chili kukhosi kwanga. Inu munadziwa nkhaniyi mu Januwale. Munafunsa za chipatala, munakonza chipinda choti mwanayu adzagonemo, ndipo pa Pasaka tinalankhula pafoni, munandifunsa za mtedza ndi za nsana wanga, koma za mwana wanga simunatchule. A Mathews, alamu anga, anadziwa mu Febuluwale. Akuti chifukwa iwo ndi amalume ake, eni mbumba. Ine amene ndinabereka ndinamva mu Juni, pamodzi ndi nkhuku za pabwalo.

Linali Loweruka. Ursula anafika ndi galimoto ya kuntchito kwake, ndipo ndisanamalize kumupatsa moni ndinaona a Mathews akubwera atavala jekete. Munthu akavala jekete Loweruka masana ndiye kuti kuli maliro kapena chinkhoswe. Mtima wanga unalumpha, ndinati mwina wapezeka mwamuna. Tinakhala pakhonde, a Mathews anakhosomola nati, "Alamu, mwana wathuyu akupita ku Joni kukachitidwa opaleshoni. Ife tinavomera kale. Tati nanunso mumve."

Nanunso mumve. Mawu amenewo ndawasunga.

Ndinafunsa kuti kodi apeza chotupa. Ursula anati, "Ayi ababa, palibe chotupa. Akachepetsa chifu changa." Pambale panali nthochi zimene anabwera nazo. Anatola imodzi naikweza. "Amadula, n'kusoka. Chotsala chimakhala ngati nthochi iyi. Chinacho amachotsa."

"Chawola?"

"Sichinawole."

"Chili ndi zilonda?"

"Ndi chabwinobwino, ababa. Kungoti ndikufuna ndizikhuta msanga, thupili litsike."

Rozaria, ine ndapha mbuzi zambiri. Chifu ndimachidziwa, ndachigwira ndi manja angawa. Koma kuti munthu wamoyo, wamisala ayi, akwere ndege kukapereka chifu chake chabwinobwino kwa anthu amipeni kuti azidya pang'ono, zimenezo sindinazimvepo chibadwire. Ndinayang'ana nthochi ija mpaka maso anachita mdima. Chimene ndinakwanitsa kufunsa n'chakuti, "Nanga chimene achotsecho akachitaya kuti?" A Mathews anaseka mpaka kugwira bondo. "Mukufuna akubweretsereni mu jumbo, alamu?"

Inu munali mutapita kale kunja chaka cha njala, 2002, kotero zina munangomva. Lero ndikuuzani zimene sindinalembe m'makalata a nthawi imeneyo. Tinadya gaga, gaga atatha tinadya mizu ya nthochi. Ursula anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Salome mng'ono wake ziwiri. Ndinawanyamula onse awiri panjinga kupita kuchipatala cha mishoni, Hana mayi wawo akuyenda pambuyo atagwira chishalo kuti asagwe. Anamwino ankayeza ana ndi kalamba kamitundumitundu pamkono. Ana anga onse awiri kanafika pofiira. Salome anakhala masiku anayi. Tsiku lomaliza sankathanso kumeza, ankangonyambita supuni.

Titabwera kumanda ndinagwira mkono wa Ursula. Chala changa chachikulu ndi cha mkombaphala zinakumana, mpata n'kutsala. Ndinalumbira pomwepo kuti mwana uyu sadzamvanso njala ine ndili moyo. Ndipo ndinasunga lumbirolo. Dzira likapezeka linali lake. Ndikagulitsa fodya, mandasi ndi fanta zinali zake. Akanena kuti wakhuta ndinkati, "Maliza, mayi, m'mbale musatsale kanthu." Hana ankanditsutsa, ankati mwana akakhuta wakhuta, koma ine sindinkamva. Mwezi uliwonse ndinkayeza mkono wake ndi zala zanga. Tsiku limene zala zinalephera kukumana ndinagula nyama ya nkhumba.

Ndiye atakula, atapeza ntchito m'tauni, thupi n'kubwera, ine ndinkayenda mutu uli m'mwamba. Akatsika galimoto patchalitchi anthu ankati, "Mwana wa a Dominic uyo, akudya bwino." Mkamwini ngati ine, wopanda munda wakewake m'mudzi wa eni, chimene ndinali nacho choloza ndi chala chinali mwana ameneyo.

Loweruka lomwe lija a Mathews atapita, Ursula anayesa kundifotokozera. Anati sikelo ikunena makilogalamu 142. Ndinati belo la fodya labwino limafika 100 ndipo palibe amene amalira. Sanaseke. Anati ali ndi matenda a shuga, BP yake ndi yokwera, maondo akumupweteka, ndipo kuntchito amakwera masitepe akupumira kawiri. Anati wayesa kusala, wayesa kuyenda, wayesa tiyi wa masamba, thupi limatsika pang'ono n'kubwereranso ndi anzake. Madokotala amuyeza kwa chaka chathunthu asanavomere. Kenako anati, "Amayi anagwa pamtondo ali ndi zaka 52. Ine ndili ndi 28 ndipo ndikumwa kale mapiritsi amene iwo ankamwa."

Ndinamuyankha kuti Hana anamutenga ndi Mulungu, osati chakudya. Ndinatinso akabwera ataonda anthu adzanena kuti ali ndi matenda aja, ndipo palibe amene adzakhulupirire za nthochi. Iye anati, "Anene. Bola azinena ndili moyo."

Mu Julayi anabweranso, ulendo uno ndi katundu. Dokotala wa kwanuko analamula kuti milungu iwiri opaleshoni isanachitike asadye chakudya cholimba. Akuti chiwindi chiyenera kuphwa kuti apeze njira yofikira kuchifu. Anabwera ndi zitini za ufa woyera wonunkhira ngati bisiketi, wosungunula m'madzi, kapu imodzi katatu patsiku, kuwonjeza msuzi wa masamba wopanda mafuta. Anati m'tauni sangathe, anzake a muofesi amadyera tchipisi pamaso pake. Anati, "Ndabwera kwa ababa anga kuti mundilondere."

Mundilondere. Awonso ndawasunga, koma awa amandiwotcha.

Tsiku loyamba ndinapha tambala. Mwana wochokera kutali sangalowe m'nyumba ya bambo wake nkhuku zonse zili ndi mitu. Anandithokoza, natumiza mphika wonse kwa ana a kwa a Mathews. Tambala wanga anadyedwa kwa a Mathews.

Tsiku lachitatu ndinamuona akumwa kapu yake yamasana. Manja ankanjenjemera. Atamaliza anayang'ana m'kapu, napala ndi supuni, n'kunyambita supuniyo mbali zonse ziwiri. Sanadziwe kuti ndikumuona. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi.

Tsopano ndifika pa chimene ndalembera kalatayi, ndipo mundiwerenge mpaka kumapeto musanayambe kutukwana.

M'mawa uliwonse Ursula ankayenda kukafika kudambo n'kubwerera, monga anamulamulira. Ankatenga ola lathunthu. Ine ndinapita kugolosale ya a Pamela n'kugula shuga ndi mkaka waufa. Shugayo ndinamusinja mu kamtondo ka Hana kosinjira tsabola mpaka anakhala ngati ufa, ndinamusefa, ndinasakaniza ndi mkaka uja, n'kuthira m'chitini. Mtundu unali umodzimodzi. Tsiku loyamba ndinathira masupuni anayi okha. Atamwa anati, "Madzi a pamjigo wa kuno ali ndi kakomedwe, ababa. A m'tauni amanunkha mankhwala." Ndinati ndi zoona, madzi a kwathu ndi abwino. M'mawa mwake ndinathira ochuluka. Pofika Lachisanu, theka la chitini linali langa.

Manja ake anasiya kunjenjemera, ndipo ine ndinati ndachita bwino. Koma anali ndi kamakina kobaya chala, ndipo manambala ake anayamba kukwera. Anali ndi sikelo yoponda, ndipo sinkatsika. Anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yochokera kokoka ngolo. Tsiku lina ndinamupeza ataima pasikelo akulira. Anati, "Ababa, ndikuchita zonse zimene ananena. Thupi langali lili ndi chiyani?" Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyenda kawiri, m'mawa ndi madzulo, maondo akutupa. Ine ndinamuuza kuti makina a masiku ano ndi onama. Ndipo m'mawa mwake ndinathiranso.

Ndakuuzani kuti ndinkamumvera chisoni. Ndi zoona, koma si zonse. Pepala la malamulo a dokotala anandiwerengera yekha m'Chichewa tsiku limene anafika, ndipo ndinamva bwino pamene panati wolephera milungu iwiriyi sachitidwa opaleshoni. Ndinamva, ndinasunga. Ndinkafuna chinthu chimene a Mathews anavomera popanda ine chilephereke. Ndinkafuna aone kuti bambo nayenso ndi munthu. Ndalemba, zatuluka. Ndakhala masiku atatu ndikuzungulira mzere umenewu.

Lamulungu, tsiku la khumi, tinapita ku Misa yachiwiri. Pa nthawi ya chopereka Ursula anaimirira, anayenda mapazi atatu, n'kugwa pakati pa mabenchi. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Amuna anayi analephera kumunyamula. Anazula chitseko cha kalasi ya katekisimu n'kumugoneka pamenepo, amuna asanu ndi mmodzi n'kumutulutsa, chitenje chitasunthika, amayi akuthamanga pambali kumuphimba. Anthu omwe aja ankati akudya bwino anaima m'mbali akuyang'ana. Ine ndinanyamula nsapato zake.

Kuchipatala anamuthandiza msanga, Mulungu awadalitse. Anati shuga wakwera koopsa, akanachedwa zikanakhala zina. Anagona masiku atatu ali ndi diripi. Dokotala anamufunsa ine ndili pomwepo kuti wadya chiyani. Iye analumbira kuti palibe china koma za m'chitini. Dokotala anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nsapato zija.

Chinandiulula ndi nyerere. Ife tili kuchipatala, akazi a a Mathews anapita kukasesa m'nyumba mwanga, napeza mzere wa nyerere kuchokera pakhomo mpaka pashelefu. Zitini zosatsegula sizinazikhudze, zinadzaza chimodzi chokha. A Mathews analawa. Kenako anapita kwa a Pamela, ndipo a Pamela anati, "Inde, a Dominic agula mapaketi atatu. Ndinadabwa, poti iwo anasiya shuga mano atayamba kuwavuta."

Tsiku limene Ursula anatuluka tinapeza mipando itayalidwa kale pabwalo panga. Panali a Mathews, akazi awo, ndi azimayi atatu a mbumba yawo. Chitini chinali pakati. A Mathews sanavale jekete tsiku limenelo. Anati, "Alamu, mlongo wathu atamwalira sitinakusudzuleni. Tinati mwakalamba, khalani, limani munda wa ana. Tsopano tiuzeni. Munthu wothira zinthu mobisa m'chakudya cha mnzake, kwanu ku Nambuma mumamutcha ndani? Chifukwa kuno dzina lake tili nalo, ndipo munthu wotero sagona m'mudzi muno."

Mukudziwa dzina limene ankanena. Mukudziwanso kuti ku Nambuma kwathu kunatsala manda a atate ndi amayi basi, malo a nyumba yathu anadzalapo bulugamu.

Ursula anali atakhala pampando, bandeji ya diripi idakali padzanja. Anayang'ana chitini, anayang'ana ine kamodzi kokha, nati, "Ndinathira ndekha, amalume. Shugayo ababa ndinawatuma ndine. Njala inandipweteka."

Kenako a Mathews anaomba m'manja kamodzi. "Ndinadziwa ine. Nkhuli sichoka ndi ndege." Mmodzi wa azimayi aja anati thupi lonseli silinabwere ndi mphepo, enawo n'kuseka. Akazi a a Mathews anati, "Ndiye unkalumbiriranji pamaso pa dokotala, mwana iwe?" Ursula anangoti pepani. A Mathews anatembenukira kwa ine nati, "Alamu, mutikhululukire, tinakuganizirani zoipa." Anandipatsa dzanja. Ndinalandira, Rozaria. Ndinagwira dzanja lawo n'kunena kuti palibe kanthu.

Mwana ameneyu wakhala akutchedwa wankhuli kuyambira ku pulayimale. Masiku khumi amenewo sanalawe ngakhale njere imodzi ya mtedza, mtedza uli mbwee pabwalo. Ndipo anatola dzina limenelo n'kudziveka yekha pamaso pa anthu, ine nditakhala pamenepo ngati chitsa.

Sizinathere pamenepo. Dokotala wa kwanuko analandira mapepala a kuchipatala kuno, naimba foni ija yoonana nkhope. Ndinali kuseri kwa chitseko. Chizungu ndimatolako pang'ono, ndipo ndinamva mwana wanga akubwereza bodza lomwe lija. Atamaliza anandiuza kuti tsiku la opaleshoni alichotsa. Dokotalayo akuti sadula munthu amene sangapirire milungu iwiri, chifukwa akadula ndiye kupirira kwa moyo wonse, ndipo wodya mobisa angang'ambe posokedwa n'kufa. Akuti apite pa 22 mwezi uno akamuyezenso, akalankhule ndi aphungu awo, koma asayembekezere zambiri.

Kunena zoona, pamenepo mtima wanga unati ndapambana. Chifu cha mwana wanga chatsala, a Mathews apepesa. Ndinayenda tsiku limodzi ndi chipambano chimenecho.

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka pang'ono, ndinali kuswa mtedza pakhonde. Ursula anali atagona pamphasa pafupi nane. Mkonono wake ndinkaudziwa, umamveka mpaka kukhola, ndipo tinkauseka. Koma sindinali nditakhalapo pafupi n'kumvetsera. Anakoka mpweya, anakokanso, kenako zii. Chifuwa chinkayesa kukwera koma mpweya sunkalowa. Ndinadikira. Milomo inayamba kuda. Ndinayamba Tikuoneni Maria mumtima, ndinafika mpaka pa Amen, mwana asanapume. Kenako anadzidzimuka ndi phokoso ngati munthu amene wavuulidwa m'chitsime, natembenuka, n'kupitiriza kugona. Posapita nthawi zinachitikanso. Ndinawerenga kasanu ndi kawiri mtedza uli m'manja.

Ndinamugwedeza. Ndinati, "Iwe, umasiya kupuma."

Anati, "Ndikudziwa, ababa. Anandiyeza. Zimachitika kambirimbiri ndikagona. Ndi mafuta a pakhosi."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zitatu."

"Ndiye ukagona wekha m'nyumba mwako muja, amakugwedeza ndani?"

"Palibe."

Kenako ndinamufunsa kuti ananamiranji kwa amalume ake. Anadzuka n'kukhala tsonga, nayamba kundithandiza kuswa mtedza. Anati, "Mukanapita kuti? Ku Nambuma kuli ndani?" Ndinati nanga kwa dokotala. Anati, "Ndikanene kuti bambo anga ankandithirira shuga m'chakudya, ine wodwala shuga? Alemba m'mapepala, ababa. Sindikufuna dzina lanu lilembedwe choncho." Ndinamuuza kuti ndinkaopa kuti akumva njala. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Ababa, chaka cha njala chinatha. Tonse tinatulukamo. Mwatsalamo ndinu nokha."

Ndinagwira mkono wake monga ndinkachitira kale. Manja anga onse awiri sanauzungulire. Zaka zonsezi ndinkayeza kuti ndione ngati imfa ili kutali, osadziwa kuti ikubwera kuchokera mbali inayo.

Kuyambira tsiku limenelo wayambiranso milungu yake iwiri, ndi zitini zatsopano. Amaziika m'chikwama chokhoma, kiyi ali m'khosi. Sananene chifukwa chake, ine sindinafunse. Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi. Sikelo yatsika ndi makilogalamu asanu, manambala a kamakina abwerera. Akamamwa kapu yake ine ndimapita kukhola.

Tsopano pempho langa. Mu envulopu muno mupeza pepala lina. Ndalembapo zonse: tsiku limene ndinayamba, mapaketi atatu, kamtondo, masupuni. Ndasaina dzina langa lonse ndipo ndadinda chala ndi inki ya bolopeni kuti asakayike. Inu munaphunzira, ndiye sukulu imene atate anakupatsani ija igwire ntchito tsopano. Mulimasulire m'Chizungu liwu ndi liwu, musandikometsere. Pa 22 mulowe ndi Ursula m'chipinda cha dokotala, ngakhale akane. Mupereke pepalalo m'manja mwa dokotalayo iye asanayambe kulankhula, chifukwa ndikumudziwa, ndi wouma mutu ngati ine. Mumuuze dokotalayo kuti mwana uyu anapirira masiku khumi, ndipo tsopano wapirira enanso. Amene analephera kupirira ndi bambo wake. Ngati akufuna kundimva ndi pakamwa panga aimbe, foni yanga ifuule, mudzi wonse umve.

Musaganize kuti ndavomereza za mipenizo. Mpaka lero ndikaona nthochi ndimatembenuza nkhope. Ndimaopa kuti sadzuka patebulopo. Ndimaopa kuti adzabwera ali ngati mlendo, ine n'kumupitirira pamsika. Akuti adzamwa mapiritsi a mavitamini moyo wake wonse, akuti pa ukwati wa munthu azidzadya masupuni owerengeka ngati mwana woyamba phala. Sindikumvetsa dziko limene tafikali. Koma ndinamva ndi makutu anga mpweya wa mwana wanga ukuima, ndipo chifu ndi chake.

Mufunsekonso, mwaulemu, kuti chidutswa chimene amachotsacho amachiika kuti. A Mathews anaseka, koma ine funso langa lidakalipo. Ngati amatentha, anene. Ndingofuna kudziwa.

Za a Mathews, ndipita kwawo Lachitatu ndege ikanyamuka. Ndikapita Ursula alipo adzanamanso. Ndikawauza pamaso pa azimayi omwe aja anaseka, kuti dzina limene anamupatsa alichotse. Adzakondwa, ndikuwadziwa, adzavala jekete. Akanena kuti ndichoke ndichoka. Bulugamu wa ku Nambuma angandipatse mitengo ya kanyumba. Ursula musamuuze zimenezi mpaka atachira. Ndipo za Januwale zija sindinaiwale, tidzakambirana inu ndi ine, koma osati lero.

M'kathumba kabuluu muli nsinjiro ndi chipere. Ndi zanu ndi alamu. Musaphike iye akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha chipinda. Moni kwa ana ndi zidzukulu, ngakhale sizindidziwa. Ursula akamadzamulowetsa ku opaleshoni mukhale pafupi, mumugwire dzanja lamanzere, lamanja lidakali ndi bala la diripi. Akagona masana muzimvetsera, akakhala chete nthawi yaitali mumugwedeze. Akadzayamba kudya mudzaona kuti ndi zochepa kwambiri, ndipo mtima udzakupwetekani, poti nanunso munaleredwa m'nyumba imene ndinaleredwa ine. Musamukakamize. Akanena kuti wakhuta, mumukhulupirire, muchotse mbale.

Ndine mlongo wanu,
Dominic.